Kusankha maphunziro pa fomu 3: Kuchuluka si kukhoza mayeso

Monkey Bay, Mana: Ophunzira akangolowa fomu 3 m'sukulu za sekondale za m'dera la Mfumu Nankumba ku Monkey Bay m'boma la Mangochi, monganso anzawo m'dziko lonse lino, amakumana ndi funso lomwe yankho lake limawatsata kwa zaka zambiri: atenge maphunziro angati, nanga ati, pokonzekera mayeso a MSCE?

Makolo ambiri amakhulupirira kuti mwana wotenga maphunziro ochuluka ndiye wanzeru, koma kawerengedwe ka zotsatira za mayesowa kakusonyeza zina.

Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kupambana kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa kuchokera pa maphunziro 6 okha omwe wophunzira wachita bwino koposa, ndipo wofuna malo m'sukulu zaukachenjede za boma amayenera kukhala ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi.

Izi zikutanthauza kuti wophunzira amene walemba maphunziro 7 n'kupeza giredi 3 m'maphunziro 6 amakhala ndi mapointi 18, pomwe mnzake amene wamwaza mphamvu zake pa maphunziro 10 n'kupeza giredi 6 ponseponse amakhala ndi mapointi 36. Akuluakulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Komabe kulemba maphunziro 6 okha nakonso n'kuika tsogolo pachiswe. Malungo a tsiku limodzi kapena pepala limodzi lovuta likhoza kugwetsa kirediti imodzi, khomo la ku yunivesite n'kutsekeka. Phunziro lachisanu ndi chiwiri kapena lachisanu ndi chitatu limakhala ngati nkhokwe ya pa nthawi ya njala.

Kupyola pamenepo, nkhani imakhala ya nthawi. Ana ambiri a m'mphepete mwa nyanja amayenda mtunda wautali kupita kusukulu zoyendera. Anyamata ena amachezera panyanja kupha usipa, pomwe atsikana amayamba ndi ntchito zapakhomo asanagwire buku, kawirikawiri m'nyumba zopanda magetsi. Phunziro lililonse loonjezera limadya nthawi ya Masamu ndi Chingerezi.

Funso lalikulu kuposa chiwerengero ndi la mtundu wa maphunzirowo. Ku Monkey Bay ndi komwe kuli doko la sitima ya Ilala, sukulu yophunzitsa ntchito za sitima zapamadzi ya Marine Training College komanso malo a kafukufuku wa nsomba, ndipo ku Mpwepwe kuli sukulu ya zausodzi ya Malawi College of Fisheries. Ntchito zoterezi zimadalira Masamu ndi sayansi. Chimodzimodzinso maphunziro ambiri a ku KUHeS, MUBAS, LUANAR ndi MUST. Mwana amene wasiya Chemistry pa fomu 3 poopa kuvuta kwake amakhala watsazikana ndi udokotala, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse.

Ndondomeko ya maphunzitsidwe yomwe idayamba mu 2015 idagawa Physical Science kukhala Physics ndi Chemistry, zomwe zidaonjezera katundu pamutu pa wokonda sayansi. Vuto ndi lakuti sukulu zambiri zoyendera za CDSS, zomwe zidakhazikitsidwa mu 1998, zilibe labotale zokwanira ngakhalenso aphunzitsi a maphunzirowa. Pamalo otere, amene amasankha si mwana ayi, koma kusowa kwa zipangizo.

Mayeso a JCE, omwe boma lidalengeza mu 2015 kuti athetsedwa koma adabwereranso mu 2021, angathandize pa nkhaniyi chifukwa amaonetsa pomwe mwana ali ndi mphamvu asanalowe fomu 3.

Choncho n'kofunika kuti aphunzitsi aakulu pamodzi ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi azikhala pansi ndi ophunzira teremu yoyamba isanafike patali, n'kuwaonetsa zomwe koleji iliyonse imafuna. Boma ndi mabungwe othandiza pa maphunziro nawo ali ndi udindo womanga malabotale ndi kutumiza aphunzitsi a sayansi kusukulu zoyendera, kuti mwana wa msodzi wa ku Chembe kapena ku Msaka akhale ndi mwayi wofanana ndi mnzake wa pa sekondale ya Lisumbwi.