Msilikali naye ali ndi ufulu wofunsa chifukwa

Ife a ku Nkhata Bay tikudziwa bwino tanthauzo la kuweruzidwa popanda wokuyankhulira. Mwana wa boma lino, Orton Chirwa, yemwe anali loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 ku bwalo la mafumu lomwe silinkalola maloya. Anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Titavotera matipate mu 1993, tinkati zoterezi zathera pomwepo.

Koma kodi ufuluwo unalowa m'kampu ya asilikali? Mnyamata akachotsedwa usilikali amabwera kumudzi ndi kachikwama basi. Abale akamufunsa, iye amati nkhani za kukampu sakamba. Mawa lake mumupeza ali m'bwato kusaka usipa, ana atasiya sukulu.

Sitikunena kuti aliyense wochotsedwa ngosalakwa. Gulu lankhondo lopanda mwambo ndi loopsa kuposa mdani. Koma mwambo si chinsinsi ayi. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu aboma amuweruze mwachilungamo, ndi kumupatsa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chawo chikukhudza ufulu wake. Gawoli silipatula ovala yunifolomu.

Taonani za General Vincent Nundwe. Anachotsedwa pa udindo wa mkulu wa asilikali mu March 2020, ndipo mu September chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anamubwezera pampando. Nkhani yake inamveka chifukwa anali mkulu. Nanga msilikali wamba wa ku Usisya kapena Chintheche, adzamukumbukira ndani?

Choncho inu amene zakugwerani, imvani izi. Lembani kalata yopempha zifukwa, ndipo musunge pepala lililonse. Dandaulani kaye kwa akuluakulu anu potsata njira za usilikali. Dziwaninso kuti lamulo la za ntchito la 2000 silikhudza asilikali, kotero njira yanu ndi Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi ku Mzuzu konkuno. Makolo amati mlandu suola, koma pempho loti khoti liunikenso chigamulo cha boma liyenera kufika pasanathe miyezi itatu. Mukachedwa, mudzayamba ndi kupepesa woweruza m'malo mofotokoza dandaulo lanu.

Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lithandize osauka. Ofesi ya Ombudsman nayo imamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi nthambi za boma.

Mu December 1993 asilikali ndiwo analanda mfuti a Payoniya, anthufe n'kuyamba kuyankhula mopanda mantha. Tili nawo ngongole. Aphungu athu aumirire kuti msilikali aliyense wochotsedwa azilandira kalata ya zifukwa, ndipo aziuzidwa tsiku lomwelo kumene angakachite apilo.