Tinamulakwira Jim Carrey, ndipo mboni yake ndi The Cable Guy

Ndiloleni ndidzutse mkangano umene ambiri anauika kale m'manda. Nthawi zonse tikayamba kukumbutsana mafilimu a Jim Carrey amene anatithyola nthiti tili achinyamata, mndandanda umakhala womwewo: The Mask, Ace Ventura, Dumb and Dumber, Liar Liar. Wina akangotchula The Cable Guy ya mu 1996, sipalephera kupezeka woyankha msanga kuti imeneyo ndiyo filimu imene mkuluyu anapunthwa nayo, kuti inalibe phwete, kuti anaiwala ntchito imene anamulipirira. Ine ndikukana. Pa mafilimu onse amene Carrey anasewera pofika chaka chimenecho, imeneyi ndiyo inanena zoona zambiri za iye ndi za ife oonerera, ndipo tinaida chifukwa cha zoona zomwezo.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Filimuyi ndinaionera koyamba m'kanyumba koonetsera mavidiyo, titapanikizana pa mabenchi, mazenera atatsekedwa ndi ziguduli. Theka la ola lisanathe anthu anayamba kuliza malikhweru, kulamula mwini malo kuti achotse tepiyo aike The Mask, ndipo mwa okuwa kwambiri ndinalipo ine. Mwezi wathawu ndaionanso ndekha mpaka kumapeto, tsitsi litayamba imvi, ndipo ndachita manyazi ndi malikhweru aja.

Kwa amene simunaione, nkhani yake ndi iyi. Mnyamata wina, Steven Kovacs, amene anaseweredwa ndi Matthew Broderick, wafunsira ukwati chibwenzi chake ndipo zamukanika, tsono wasamukira m'nyumba ya yekha. Kukubwera munthu wolumikiza nthambo za wailesi ya kanema, ndiye Carrey ameneyo, ndipo Steven akumupatsa chiphuphu cha madola 50 kuti amutsegulire matchanelo aulere. Munthuyo ndalama alibe nazo ntchito kwenikweni, chimene akufuna ndi bwenzi. Akuyamba kumuimbira foni kosalekeza, kumubweretsera mphatso zodula, kulowerera pa chibwenzi chake, kumamatira ngati nkhupakupa. Steven atamuuza kuti ubwenziwo sakuufuna, munthu uja akumumangitsa pa mlandu wosunga katundu wakuba, akumuchotsetsa ntchito, akudzikondetsa kwa makolo ake, mpaka kumubera mkazi. Amadzitcha Chip Douglas, koma dzinalo analitola m'sewero lakale la pa TV lotchedwa My Three Sons, ndipo filimu ikutha dzina lake lenileni tisanalimve. Chimene tikuonetsedwa ndi ubwana wake: mayi akutuluka usiku, akumusiya yekha patsogolo pa TV kuti ndiyo imulere.

Amene amati Carrey anasochera mu filimu imeneyi amaganiza kuti munthuyu anabadwa mu 1994 atavala nkhope yobiriwira. Tiyeni tibwerere kumene anachokera. Anabadwa mu 1962 ku Newmarket, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Bambo ake anali wowerengera ndalama, ndipo ntchito itawathera banja linagwa mu umphawi. Onse pamodzi, makolo ndi ana, anayamba kugwira ntchito yokolopa ndi yaulonda pa fakitale ina, ndipo pa nthawi ina ankagona m'galimoto. Jim anasiya sukulu ali ndi zaka 16. Iye mwini wanenapo kangapo kuti mayi ake ankadwaladwala, ndipo ankayesetsa kuwaseketsa kuti aiwaleko ululu. Ataima koyamba pamaso pa anthu ku kalabu ya Yuk Yuk's mu mzinda wa Toronto ali ndi zaka 15, zinamukanika moti anabwerera kwawo wamanyazi. Nthabwala za munthu ameneyu zinamera pambali pa bedi la wodwala ndi pansi pa tsache la m'fakitale.

Onaninso zimene ankasewera asanatchuke. Mu The Dead Pool ya mu 1988, filimu ya Clint Eastwood, Carrey ndi woimba wokonda mankhwala ozunguza bongo amene akuphedwa nkhani itangoyamba. Mu 1992, mu filimu ya pa TV ya Doing Time on Maple Drive, ndi mwana wachidakwa wa m'banja looneka bwino kunja kokha. Ngakhale mu In Living Color, pulogalamu ya Keenen Ivory Wayans imene inamutchukitsa kuyambira mu 1990, munthu amene ankakondedwa naye kwambiri anali Fire Marshal Bill, mkulu wa zozimitsa moto wa nkhope yopsa, amene ankati akamaphunzitsa anthu kupewa ngozi ankadzivulaza yekha ndi kuphulitsa nyumba. Anthu ankafa ndi phwete poona munthu akupsa. The Mask yeniyeniyo inachokera m'mabuku a zithunzi a kampani ya Dark Horse, mmene wovala chigobacho ankapha anthu mwankhanza, ndipo opanga filimu anachita kuifewetsa kuti ana aione. Ukali ndi misala zinalipo kuyambira pachiyambi. Chimene Ben Stiller, wotsogolera The Cable Guy, anachita ndi kuchotsa shuga amene ena ankathira pamwamba.

Taganizirani Ace Ventura mutamuchotsa pa kanema n'kumuika pakhomo panu. Munthu wokuwa, wosamva kukanizidwa, wolowa m'nyumba za eni osaodira, amene sakhala chete ngakhale pa maliro. Mungapirire naye masiku angati? Chip Douglas ndi Ace Ventura yemweyo, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano kamera yaima mbali ya munthu amene akuvutitsidwayo. Mu mafilimu a mu 1994 tinali kumbuyo kwa wamisalayo, tikuseka amene iye akuwapusitsa. Mu 1996 anatembenuka n'kutiyang'ana ife, ndipo phwete linatiuma kukhosi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ife tinakwiyira amene anatisweratu mkuyuwo, ngati kuti nyererezo anaikamo ndi iye.

Pano ndili ndi funso kwa ife a kuno ku Africa makamaka. Miyezi yowerengeka The Cable Guy isanatuluke, kumapeto kwa 1995, kunatuluka Ace Ventura: When Nature Calls. Nkhani yake inaikidwa m'dziko longopeka la mu Africa, lokhala ndi mitundu iwiri yongopekanso, anthu a mikondo ndi zikopa, olambira mleme, amene sangathetse mkangano wawo popanda mzungu wopenga kuwathandiza. Filimu imeneyo tinaionera mobwerezabwereza, tinaseka mpaka misozi, ndipo sindikumbukira aliyense akuliza likhweru kuti tepi ichotsedwe. Filimu yotisandutsa ife choseketsa tinailandira ndi manja awiri, koma yoseka anthu a ku America ndi umbombo wawo wa TV tinati ndi yoipa mtima. Kodi muyeso wathu wa nthabwala zabwino unali wotani? Ndikuona kuti tinkafuna nthabwala zosatifunsa kanthu, ngakhale zitakhala zotinyoza.

Ena mudzati msika unaweruza kale, filimuyo inagwa. Nazi nambala zake. Inapangidwa ndi madola pafupifupi 47 miliyoni, ndipo inabweretsa oposa 100 miliyoni pa dziko lonse. Chimene chinaipitsa mbiri yake ndi malipiro a Carrey, madola 20 miliyoni, ndalama zimene panthawiyo palibe wazisudzo anali atalandirapo chotero pa filimu imodzi. Olemba nkhani anafika kudzaona ngati munthuyu akuyeneradi chuma chimenecho, ndipo ataona kuti sakuwapatsa Ace Ventura wachitatu, analengeza kuti wagwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma taonani zimene zinatsatira. Mu 1998 kunabwera The Truman Show, nkhani ya munthu amene moyo wake wonse ndi pulogalamu ya pa TV, ndipo mu 1999 Man on the Moon. Zonse ziwiri zinamupatsa mphotho ya Golden Globe. Njira yopita kumeneko inalambulidwa ndi filimu imene inu mumati inali kupunthwa. Ndipo achinyamata amene anaonekera m'mbali mwake, Jack Black, Owen Wilson ndi Leslie Mann, pamodzi ndi Judd Apatow amene anali mmodzi wa oyendetsa ntchitoyo, ndiwo anadzalamulira nthabwala za ku Hollywood zaka zotsatira.

Sindikunena kuti filimuyi ilibe zilema. Kalankhulidwe kopinda lilime kamene Carrey anasankha kamatopetsa, zigawo zina monga ndewu ya m'malo odyera a Medieval Times zimatalika mopitirira, ndipo kumapeto opanga anachita mantha: Chip akudziponya pa dishi yaikulu ya setilaiti koma osafa. Ndikumvetsanso munthu amene wakhala tsiku lonse akusenza matumba kapena kuyendetsa minibasi, wapereka kandalama kake pakhomo, ndipo akungofuna kuseka kuti apume. Ameneyo sindimuweruza. Amene ndikulimbana nawo ndi awo amene asandutsa kutopa kumeneko lamulo, amene amati wanthabwala asayerekeze kukhudza zowawa chifukwa ntchito yake ndi kuseketsa basi.

Lamulo limenelo si lathu n'komwe. Inu a ku Zambia mukudziwa chimbuya cha pakati pa Angoni ndi Abemba, mmene mbuya amafika pamaliro n'kumathira ofedwa ufa kapena paudala, kuwaseka, ngakhale kumunena womwalirayo. Ife tonse tikudziwa nthabwala za adzukulu kumanda, khasu lili m'manja, dzenje lili pakati. Palibe amene amati anthu amenewa alibe chisoni. Makolo athu anazindikira kuti pali katundu wina amene misozi yokha singamusenze. Tsono n'zodabwitsa kuti anthu oleredwa m'mwambo wotere, akaona phwete ndi chisoni zitakhala pa mphasa imodzi mu filimu, amathamangira kunena kuti zasokonekera.

Carrey si woyamba kulangidwa chotere. Jerry Lewis, amene anthu anamuzolowera ngati chitsiru chogwaigwa, anasewera munthu wouma mtima mu The King of Comedy ya Martin Scorsese kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nkhani ya wanthabwala wolephera amene akuba mwini pulogalamu ya pa TV kuti naye aonekere. Filimuyo inalephera pamsika. Mu 2019 Joker, imene inabwereka zambiri kuchokera kwa iyo mpaka kutenga Robert De Niro yemweyo, inapeza madola oposa biliyoni imodzi. Robin Williams naye ananyozedwa mu 2002 chifukwa cha Death to Smoochy, mmene anasewera msangalatsi wa ana wodzala ndi nsanje ndi chidani. Atamwalira mu 2014 dziko lonse linayamba kulankhula za chisoni chimene anthu oseketsa amabisa. Pamene ankationetsa chisonicho ali moyo tinati akutiwonongera chisangalalo.

Chimene chinandikhudza kwambiri poionanso ndi ichi. Mu filimu yonse, pa TV iliyonse pakuulutsidwa mlandu wa munthu wotchuka amene wapha mbale wake wobadwa naye mapasa, ndipo dziko lonse lamamatira pamenepo, monga America inachitira ndi mlandu wa O.J. Simpson mu 1995. Chip ataima pa dishi ija akulosera za tsiku limene foni, TV ndi kompyuta zidzakhale chinthu chimodzi, anthu akugula katundu ali m'nyumba ndi kusewera magemu ndi anzawo a kutsidya kwa nyanja. Mu 1996 zinkamveka ngati malodza a wamisala. Lero chinthu chimenecho chili m'thumba mwa aliyense wa ife, ndipo mwana akalira timamupatsa foni kuti atonthole, monga mayi uja anasiyira mwana wake TV. Ambiri mwa ife amene tili kutali ndi kwathu, ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, tikudziwa usiku umene munthu umatumiza mauthenga khumi kwa mnzako amene wangoyankha umodzi. Chip Douglas sali kutali nafe monga tinkaganizira pa mabenchi paja.

Kumapeto kwenikweni, akumunyamula pa helikopita atavulala, wachipatala akumutcha bwenzi pongofuna kumulimbitsa mtima, ndipo Chip akutsegula maso n'kufunsa ngati akunenadi zoona kuti ndi bwenzi lake. Wachipatalayo akuvomera osadziwa chimene wadziputira. Ndinaseka, kenaka ndinakhala chete nthawi yaitali.

Pempho langa ndi laling'ono. Musanandiyankhe, ipezeni filimuyi muione mpaka kumapeto, ana atagona, popanda woliza likhweru pambali. Mukaiona n'kupezabe kuti ndi yachabe, bwerani mundiuze chifukwa chake, ndipo mundiuzenso chifukwa chimene When Nature Calls ikukhalirabe pamwamba pa mndandanda wanu.