Za Nchito za Manja: Chipilala cha Dzina pa Msewu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene aliyense achiona pa ulendo, koma owerengeka okha ndiwo aganizira mapangidwe ake. Ndicho chikwangwani. Woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Limbe, wodzera pa Thyolo ndi pa Luchenza kufikira ku Muloza, adziwa kuti zikwangwani ziri mbali zonse ziwiri: za minda ya tiyi, za masukulu, za matchalitchi ndi za zigayo. Zina zaima zaka zambiri osasuluka; zina zinaikidwa dzana lomweli, koma malembo ake afufutika kale, kotero kuti mlendo aima patsinde pake nafunsa njira. Pakuti ndalama zopangira zikwangwanizo zichokera m'manja mwanu, pa msonkhamsonkha wa mphakati kapena wa komiti ya sukulu, nkoyenera kuti mudziwe chimene mugula.

Tiyambe ndi za kutali. Ku America amisiri a m'mashopu ang'onoang'ono ali ndi njira yomangira chipilala cha dzina popanda njerwa ngakhale imodzi. Atenga chinthu choyera chopepuka chija mumachipeza m'katoni ya wailesi yatsopano, chimene dzina lake ndi polystyrene. Kampani ya BASF ya ku Germany ndiyo inayamba kuchipanga cha m'ma 1950, ndipo pa magawo 100 a thupi lake, magawo ngati 98 ndi mpweya wokhawokha. Mmisiri agula chibuma chake chachikulu, nachidula ndi waya wotenthedwa ndi magetsi, nasema mapewa ndi denga monga afunira. Atatero, alowetsa mipope m'kati, nakuta chonsecho ndi ukonde wa ulusi wa galasi, namata pamwamba ndi simenti yopyapyala kapena ndi mankhwala ouma gwa. Chikapentedwa, munthu angalumbire kuti ndi mwala. Koma amuna ochepa okha achinyamula, nakachiveka pa zitsulo zozikidwa kale m'konkire.

Njirayi iri ndi ubwino wake. Nchito yonse ichitikira pansi pa denga, mvula osaichedwetsa. Maziko ake safuna simenti yochuluka. Ndipo galimoto ikaphonya msewu ndi kugunda chipilala chotere, chisweka icho, woyendetsa napulumuka. Koma mphamvu yake yonse iri m'chikopa chakunjacho. Chikang'aluka, madzi alowa. Chiswe sichipezamo chakudya, komatu chiboola njira zake m'menemo. Petulo ndi penti ya mafuta, zikakhudza m'kati mopanda chikopa, zisungunula monga mchere m'madzi. Moto wa tchire nawo suchisiya. Mmisiri waulesi akamata chikopa chochepa, wogula sangadziwe tsiku loyamba, pakuti maonekedwe ndi amodzimodzi. Apa ndi pamene makolo athu anati, chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Sitinena kuti muitanitse zipangizo zotere, pakuti zichokera kunja, ndipo mtengo wake mudzi sungaufike. Tazitchula chifukwa zitiphunzitsa mwambo umene uli woona ku America ndi ku Chitakale komwe: chikwangwani chikhalitsa chifukwa cha zimene diso siliona, ndizo maziko, za m'kati, ndi penti yoyamba ya pansi.

Tsono adani a chikwangwani kuno kwathu ndani? Woyamba ndi madzi. Patsinde pa phiri la Mulanje mvula igwa yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, nchifukwa chake tiyi anamera bwino kuno kuyambira m'ma 1890. Dzinja likatha, chiperoni chochokera ku Mozambique chinyowetsa zonse kuyambira Meyi kufikira Ogasiti; ndipo tonse tikumbukira m'mene madzi a namondwe wa Freddy anakokololera milatho ndi nyumba mu Malichi 2023. Wachiwiri ndi chiswe, chimene chidya thabwa kuyambira pansi. Wachitatu ndi dzimbiri, mdani wa lata. Wachinayi ndi dzuwa, limene lisulutsa utoto wofiira msanga kuposa wakuda.

Kale amisiri pothawa chiswe anali kufuna thabwa la mkungudza wa m'phiri, pakuti chiswe sichiukonda ndipo suola msanga. Tikupemphani ndithu, musamuuze mmisiri kuti akupezereni mtengo umenewu. Mkungudza wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Unatchedwa mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma powerenga mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha. Kuyambira pamenepo anthu a m'midzi yozungulira phiri, pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, aokamo mbande zoposa 500,000, ndipo mu 2025 UNESCO inalemba phirili m'kaundula wa malo a chuma cha anthu onse. Kungakhale kuchita manyazi kuti dzina la tchalitchi kapena la sukulu lilembedwe pa thabwa lakuba.

Chotiyenera ife ndi chipilala cha mabuloko a simenti kapena cha miyala, imene kuno siisowa. Musankhe malo okwera, kutali ndi ngalande ya msewu. Ndipo ngati ndi m'mbali mwa msewu waukulu, muyambe mwapempha chilolezo kwa a Roads Authority kapena ku khonsolo, kuti asadzagwetse chimene mwamanga ndi thukuta. Maziko akumbidwe kufikira nthaka yolimba. Konkire yake ikhale ndowa 1 ya simenti, ndowa 2 za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi ndowa 4 za miyala yoswa. Ndipo muzithirirapo madzi masiku 7, pakuti simenti youma msanga siilimba. Pamwamba pa chipilala pakhale kadenga kotsetsereka, kotulukira kunja pang'ono, kuti madzi asayenderere pa malembo.

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Pulasitala ikangouma pamwamba, akomiti afulumiza mmisiri kuti alembe, chifukwa tsiku la mwambo layandikira. Koma pulasitala yatsopano iri ndi ululu umene utentha penti ya mafuta, ndipo chinyezi cha m'kati chiitukumula. Dikirani milungu 4. Kenaka apake penti yoyamba ya pansi, iume, ndipo pokhapo alembe. Ngati malembo akhala pa lata, chitsulocho chikwechedwe kufikira dzimbiri lonse litachoka, chipakidwe penti yofiira ija yotchinga dzimbiri mbali zonse ziwiri, ndi m'mphepete momwe. Kuposa zonse, mmisiri waluso asema malembo m'pulasitala ikali yaiwisi. Pamenepo ngakhale utoto usuluke, mwana wa sukulu angathe kubwerezamo ndi bulashi.

Za malembo, amisiri ali ndi muyeso wao: chilembo cha inchi 1 chiwerengeka bwino pa mapazi 10. Mukafuna kuti wa pa minibasi awerenge ali pa mapazi 60, zilembo za dzina zikhale mainchi 6. Chifukwa chake mau akhale ochepa: dzina la malo, muvi wolozera, ndi kutalika kwa mtunda. Maina a akomiti asungidwe m'buku. Pa msewu angopanikiza dzina lofunikalo. Zilembo zakuda pa poyera, kapena zoyera pa pobiriwira kwambiri, ndizo zioneka patali. Ndipo mau onse alembedwe kaye pa pepala, aphunzitsi awaone, pakuti chilembo cholakwika pa chipata cha sukulu chiphunzitsa ana tsiku ndi tsiku.

Potsiriza, tinene za mmisiri mwini. Mupangane naye pamaso pa mboni, mulembe pa pepala matumba a simenti, mtundu wa penti ndi tsiku lomaliza. Mukamumana mtengo woyenera, adzachepetsa pamene inu simuona, ndipo mudzalipira kawiri. Akatsiriza, mumlipire tsiku lomwelo, pakuti naye ali ndi banja. Ndipo inu amisiri athu, kumbukirani kuti nchito yobisika pansi pa penti mvula ya Januwale idzaiulula. Makolo amene muli ndi mwana wa dzanja lokongola, wokonda kujambula m'makope, musamkalipire. Mumpereke kwa mmisiri wokhulupirika akaphunzire, pakuti malo ofuna dzina sadzatha m'dziko muno.

Mutsale bwino m'mabanja mwanu. Mwezi wa mawa tidzakamba za kusamala malata a pa denga mvula isanayambe.