Ndani amagoneka tirigu wa ku Wiltshire usiku?

Tirigu ndi barele zikayandikira kucha kum'mwera kwa England, makamaka m'chigawo cha Wiltshire, alimi ena amadzuka n'kupeza mbewu zawo zitagonekedwa pansi mwaluso. Mapesi sathyoka, amangogona mozungulira ngati wina anawapesa. Woona ali m'ndege ndiye amazindikira kuti ndi chithunzi. Mu Ogasiti 2001, pa Milk Hill panapezeka chojambula cha mikombero 409, ndipo dzulo lake panalibe kanthu. Anthu ambiri amakhulupirira kuti umenewu ndi uthenga wochokera kwa zolengedwa za m'mlengalenga. Ena amati ndi ntchito ya anthu okonda kupusitsa anzawo.

Okhulupirirawo si opepera, ndipo mfundo zawo n'zofunika kuzimva. Usiku wa m'chilimwe ku England ndi waufupi, mdima weniweni ndi wa maola ochepa chabe. Iwo amafunsa kuti munthu angayeze bwanji mikombero mazanamazana mumdima, osalakwitsa, osagwidwa. Amakumbutsanso za chojambula cha mikombero 151 chomwe chinaoneka pafupi ndi Stonehenge mu Julayi 1996, pomwe panafala mbiri yoti chinatulukira masanasana. Wasayansi wa ku America, W. C. Levengood, anayeza mapesi otengedwa m'minda yotereyi nalemba kuti mfundo zake zinali zotalika ndi zotupa, ngati zatenthedwa ndi mphamvu yachilendo.

Komabe mu Seputembala 1991 nkhaniyi inatembenuka. Madoda awiri a ku Southampton, a Doug Bower ndi a Dave Chorley, anaulula ku nyuzipepala ya Today kuti iwo ndiwo ankachita zimenezi kuyambira m'ma 1970. Maganizowo a Bower anawatenga ku Australia, komwe anakhalako: mu 1966 mlimi wina wa ku Tully ananena kuti anaona chombo chonga mbale chikunyamuka padambo, n'kusiya bango litagona mozungulira. Zida za madodawa zinali thabwa, chingwe ndi kawaya komangirira ku kapusi kothandiza kuyenda molunjika. Munthu amagwira chingwe chomangidwa kunsonga zonse ziwiri za thabwa, phazi limodzi pathabwapo, n'kumapondereza mbewu akuyenda. Mapazi saoneka chifukwa amalowera m'tinjira tosiyidwa ndi matayala a thirakitala popopera mankhwala. Atolankhani anawapempha kuti apange chojambula china, kenako anaitana a Pat Delgado, omwe mu 1989 analemba nawo buku lotchuka la Circular Evidence. A Delgado atayendera mundawo anati chimenecho sichingakhale cha manja a munthu.

Kwa ine chochitika chimenechi chimalemera kuposa zonse. Ngati katswiri wamkulu wa mbali yokhulupirira sanathe kusiyanitsa chenicheni ndi chabodza, ndiye kuti palibe muyeso wotiuza kuti chenichenicho chilipo. Okhulupirira amayankha kuti madoda awiri sakanapanga zonse, ndipo akunena zoona. Kungoti palibe akunena kuti anali okha. Pambuyo pawo panabwera magulu a achinyamata odziwa masamu ndi luso lojambula, monga la a John Lundberg ndi a Rod Dickinson, lomwe linafika pomalembedwa ganyu ndi makampani kuti liwajambulire zizindikiro zawo m'minda, makamera akuona. Mu 2000 a Matthew Williams analipitsidwa chindapusa cha mapaundi 100 kukhoti chifukwa choononga mbewu mwanjira yomweyi.

Nanga mfundo zotupa zija? Aliyense amene anaonapo chimanga chitagwa ndi mphepo akudziwa kuti pakapita masiku chimapindika pamfundo n'kuyambanso kuloza kumwamba. Tirigu amachitanso chimodzimodzi: mbali yam'munsi ya mfundo imakula msanga kuposa yapamwamba. Otsutsa a Levengood ananenanso kuti poyezapo iwo ankadziwiratu kuti phesi ili lachokera mkati mwa chojambula, ili kunja, zomwe zimasokoneza kafukufuku aliyense.

Malo omwe zojambulazi zimapezeka nawonso amanena zambiri. Zimachuluka pafupi ndi misewu ndiponso malo okopa alendo monga Avebury ndi Silbury Hill, kawirikawiri pamtsetse pomwe odutsa angazione bwino. Zinayamba ngati mikombero wamba, n'kumakula luso chaka ndi chaka, mpaka mu 2008 pafupi ndi Barbury Castle panaoneka chosonyeza manambala khumi oyamba a nambala ya m'masamu yotchedwa pi. Kukula kotereku ndi kwa anthu opikisana pa luso.

Chojambula chomwe chimatchulidwa kwambiri ngati kalata yochokera kumwamba ndi cha mu 2001, pafupi ndi telesikopu ya Chilbolton ku Hampshire. Chinkafanana ndi uthenga womwe asayansi anatumiza m'mlengalenga mu 1974 kuchokera ku Arecibo, ku Puerto Rico, koma chithunzi cha munthu chitasinthidwa kukhala cha cholengedwa cha mutu waukulu. Uthenga wa Arecibo unalunjikitsidwa ku gulu la nyenyezi lotchedwa M13, komwe kuwala kumatenga zaka pafupifupi 25,000 kuti kufike. Pofika 2001 unali utayenda zaka 27 zokha. Pansi pano, chithunzi chake chinali chitasindikizidwa kale m'mabuku ndi m'magazini ambirimbiri.

Choncho ine ndili kumbali yoti izi n'za anthu. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuzitcha bodza basi n'kutembenuka. Kuyeza mikombero 409 mumdima ndi chingwe ndi luso loyenera kulemekezedwa, ndipo zimandiwawa kuti ulemuwo umapita kwa alendo osaoneka. Koma pali wina amene mbali zonse ziwiri zimamuiwala, mwini munda. Tirigu wogona amavuta kukolola ndi makina, ndipo khamu la odzaona limapondereza wochuluka kuposa amene ojambula anagoneka. Alimi ena amaika kabokosi pachipata kuti olowa aponyemo kangachepe. Ena atopa nazo: akangoona chojambula m'mawa, amalowetsa makina n'kuchimweta ojambula zithunzi asanafike.