Lekani kuchotsa thermostat, injini siizizira ndi nzeru za pansi pa mtengo

Madalaivala anzathu, eni magalimoto ndi nonse oyenda ndi katundu, lero tikambe za chizolowezi chomwe chikupha mainjini ambiri pamsewu. Galimoto ikangoyamba kutentha, amakaniko ena amathamangira kumasula paipi, kutulutsa thermostat n'kuitaya. Amati, "Bwana, kameneka n'ka kumayiko ozizira, kuno kwathu n'kosafunika." Ife tikuti bodza limeneli lithe.

Toyota Hilux imapangidwa ku Durban, ndipo imatuluka mu fakitale ndi thermostat yake. Kodi ku Durban kumagwa chisanu ngati ku Ulaya? Amene anapanga injini anaika kachitsuloko podziwa kuti galimotoyo idzayenda m'dzuwa lomweli.

Ntchito yake ndi iyi. Injini ikakhala yozizira, thermostat imatseka njira yopita ku rediyeta kuti injini ifunde msanga. Madzi akafika madigiri a m'ma 80, imatseguka n'kuwalola kupita kukazizira. Pa mainjini ambiri, ikamatseguka imatsekanso kanjira kachidule kotchedwa bypass. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, ndiye madzi ena amangozungulira mu injini osafika ku rediyeta. Zotsatira zake n'zoti pa chitunda injini imawirabe, koma m'mawa komanso potsetsereka imayenda yozizira kwambiri, ikumwa dizilo wambiri, oyilo akuda msanga, zitsulo zikudyana. Amene anagonapo ku Johannesburg mu Juni akudziwa kuzizira kwake. Injini yopanda thermostat imatenga nthawi yaitali kuti ifunde kumeneko.

Tikuvomereza kuti thermostat imafa. Ikafa ili chitsekere, galimoto imawira ndithu, ndipo mukakhala m'tchire mutha kuichotsa kuti mungofika m'tauni. Koma mukafika gulani ina. Kuiyesa n'kosavuta: iikeni m'poto wa madzi pamoto, muone ngati ikutseguka madzi asanawire. Makaniko amene akuitaya osaiyesa sanapeze vuto, wangolibisa, ndipo lidzakupezani muli kutali ndi iye.

Kawirikawiri chotenthetsa injini chimakhala china. Rediyeta yatsekeka mkati, kapena kunja kwake kwadzaza fumbi, udzu ndi tizilombo. Lamba wa fani wakhwepa. Fan clutch yatha, fani ikungozungulira mwaulesi. Chotchinga chozungulira fani chinasweka ndipo palibe anachibwezera. Water pump yadyeka. Zimenezi ndizo zofunika kuona kaye musanagule rediyeta yaikulu. Rediyeta ya mizere yambiri imathandiza amene amanyamula katundu wolemera, koma siingachiritse fani yakufa.

Chachiwiri ndi madzi. Onani mkati mwa ketulo yomwe mumawiritsira madzi a pamjigo. Zoyera zomwe zamata m'menemo ndi zomwezo zimamata m'timipaipi ta rediyeta. Madzi a mumtsinje amawonjezerapo matope. Ena amati coolant n'kungotaya ndalama chifukwa kuno madzi saundana. Ntchito yake si yokhayo. Coolant amateteza ku dzimbiri, amachedwetsa kuwira, ndipo pa mathiraki akuluakulu amateteza ma liner kuti asabooke timabowo tolowetsa madzi mu oyilo. Gulani mtundu umene buku la galimoto yanu likunena, musasakanize mitundu mwachisawawa, ndipo ngati ndi wofuna kusungunula gwiritsani madzi a distilled. Dzira ndi sopo wothira mu rediyeta kuti atseke podontha amatsekanso njira za madzi. Chinanso, coolant ndi poizoni ndipo amakoma ngati shuga. Musamusunge m'botolo la zakumwa pamene pali ana.

Chachitatu ndi chitsekero cha rediyeta. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Ndi mphamvu ya mpweya imene chimasunga, ndipo ndi imene imachititsa kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma afike pafupifupi 120. Labala wake akatha, madzi amawira msanga n'kumatayika. Kutseka ndi pulasitiki kapena chitsekero chotola n'kusewera ndi injini ya mamiliyoni pofuna kupulumutsa ndalama ya nsima ndi nyama.

Ganizirani njira yomwe timayenda. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, kenako mukwere mapiri a ku Zobue muli ndi katundu wodzaza. Kwina kuli chitunda cha Chirundu, kwina Chiweta, kwina mapiri a pakati pa Musina ndi Louis Trichardt. Cylinder head ikapindika m'malo amenewa, mulipira chokoka m'ndalama za eni dziko, masiku a pa mapepala a katundu akutha, tomato kapena nsomba zikuwola, dalaivala akugona m'tchire kulondera akuba. Amayi omwe anatenga ngongole kuti akapikule katundu akuluza nawo pa mlandu umene sanapalamule.

Geji ikakwera, tsitsani giya, zimitsani AC, tsegulani heater, pezani poima. Musatsegule chitsekero injini ili yotentha, nthunzi imasupula nkhope. Musathire madzi ozizira mu injini yowira, mung'alula head. Mukaona thovu mu rediyeta, utsi woyera wosatha kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi yapsa, musapitirize ulendo.

Mabwana eni magalimoto, dalaivala akanena kuti geji ikukwera, musamuyankhe kuti "ingothirani madzi mufike." Tulutsani ndalama galimoto isananyamuke. Nanunso amalonda, muli ndi ufulu wofunsa musanakweze katundu wanu. Mukaona kondakitala akukweza zigubu zisanu za madzi a injini pa ulendo umodzi, galimotoyo yakuuzani kale za matenda ake. Funani ina.