Kanthambi kopempha kamabwera ndi nthenda yake

Ku America kuli nthenda ya maluwa a rozi imene yaliza anthu ambiri osamalira minda ya maluwa. Dzina lake ndi rose rosette. Chitsamba chikagwidwa, mphukira zimatuluka zofiira, zonenepa, zothinana pamodzi ngati tsache, minga ili mbwee. Maluwa amapunduka, ndipo pakangotha zaka zochepa chitsamba chonse chimauma. Nthendayi inaoneka koyamba cha m'ma 1940, koma vairasi yoyambitsa inadziwika bwino mu 2011. Imafala ndi tinthata tosaoneka ndi maso, touluzika ndi mphepo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi njira imene nthendayi inadutsamo. Rozi wam'tchire wotchedwa multiflora anafika ku United States kuchokera ku Japan mu 1866. Kuyambira m'ma 1930, boma linkalimbikitsa alimi kumubzala kuti akhale mpanda wa ziweto komanso kuti agwire nthaka isakokoloke. Cholinga chinali chabwino ndithu. Koma mbalame zinadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse, roziyo n'kudzaza madambo ndi malo odyetsera ng'ombe. M'tchire limenelo ndimo vairasi inapeza mudzi. Akatswiri ena anafika poganiza zoigwiritsa ntchito kuti iphe tchirelo, ngati kuti nthata zimadziwa malire a munda. Chifukwa cha nthendayi, minda yotchuka, monga wa mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, inazula zitsamba zambirimbiri zimene anthu anazilera kwa zaka.

Wina anena kuti za maluwa n'za anthu okhuta, ife zitikhudza bwanji? Afunse mlimi wa nthochi ku Thyolo kapena ku Nkhata Bay. Chisaka cha nthochi, chimene chinayamba kuoneka cha ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, nachonso ndi vairasi. Nsabwe za nthochi zinkachinyamula kuchoka pa phata lina kupita pa lina, koma mitunda italiitali chinayenda m'manja mwathu, m'mbewu zimene tinkagawana mwachikondi. Alimi atauzidwa kuti azule, ambiri anakana, ndipo sindiwaweruza, chifukwa kuzula chimene chimakudyetsa n'kowawa. Koma mapeto ake tinayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Khalidwe lomwelo tili nalo pa mitengo ndi zitsamba zokongoletsa pakhomo. Tikaona mpanda wokongola kwa anansi kapena kutchalitchi, timangoti, "Ndithyoleko kanthambi." Timagula mbande za m'machubu m'mbali mwa msewu osayang'ana n'komwe masamba. Ena pobwera kuchokera kunja amabisa timitengo m'chikwama, pamene lamulo limafuna chilolezo. Vairasi ikalowa mu mtengo imayenderera m'thupi lonse, choncho nthambi yodulidwa pa mtengo wodwala imamera ili yodwala kale, ngakhale ioneke yobiriwira.

Si tsamba lililonse lamawangamawanga limene likudwala. Zomera zina zinabadwa choncho, zina zikungosowa chakudya m'nthaka. Koma masamba akayamba kukwinyika, kupiringizika kapena kuchepa, mphukira n'kuthinana, funsani alangizi musanathamangire kusitolo. Palibe mankhwala opopera amene amachiza vairasi mu mtengo. Opopera amapha tizilombo tonyamula nthenda basi, ndipo wokugulitsani botolo lochizira akungokudyerani ndalama.

Chitsamba chogwidwa ndi vairasi chizuleni ndi mizu yomwe, muchitenthe. Musachitaye kudzala kapena kuseri kwa mpanda, chifukwa chikaphukira kumeneko n'kulowerera m'tchire, palibe adzapite kukachizula. Tsukani chikwanje musanadulire mtengo wina. Ndipo mnzanu akakupemphani nthambi ya mtengo umene mukuukayikira, mukanizeni, mumuuze chifukwa chake.