Cikhululukiro Cimene Sicifika ku Chisokone

Pa msika wa Chisokone, pakati pa mzinda wa Kitwe, palibe munthu amene aiwala msonkho. Wogulitsa kapenta, wosoka nsapato, mai wa thebulo la tomato, onse alipira ndarama ya malo ao, malonda ayende kapena asayende. Madzulo ambiri a iwo abwerera ku nyumba zao-zao ku Wusakile, ku Chamboli, ku Buchi kapena ku Chimwemwe, ndipo nyumbazo nazonso ziri ndi msonkho wace. Malamulo a Zambia ali ndi makomo angapo opulumukirapo mwini nyumba pa msonkho umenewo, koma makomowo anawapangira munthu wodziwa Cingerezi, wokhala ndi mapepala onse ndiponso nthawi yoyendayenda m'maofesi. Nkhalamba ndi akazi amasiye, amene anayenera kuyamba kulowapo, ndiwo atsala kunja. Cimeneci ndi cosalungama, ndipo sicinayambe dzulo.

Umodzi wa misonkho yoyamba imene Azungu anaika pa anthu a maiko ano unali wa nyumba. Ku Nyasaland, pofika caka ca 1894, Boma la Harry Johnston linali kusonkhetsa masheleni 3 pa nyumba iri yonse, ndipo Kampani ya British South Africa inacita cimodzi-modzi ku dziko la Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata. Cikhululukiro sicinacedwe kutsata. Cisanathe caka ca 1902 Boma la Nyasaland linakweza msonkho kufika masheleni 6, koma linati munthu amene wagwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi adzalipira theka lokha. Kodi cimeneci cinali cifundo? Ai ndithu. Inali njira yokokera amuna ku minda ya Azungu, imene inali kusowa anchito. Munthu amene anatsala pa mudzi kulima munda wace ndi kusunga amace odwala analipira msonkho wonse, ndipo mnzace amene anasiya munda wace kukalimira mlendo ndiye anapeputsidwa. Nkhalamba ndi opunduka anali kumasulidwa, inde, koma kunali kofunika kuti Bwana wa Boma aone imvi zao ndi maso ace, nabvomereze. Motero kuyambira pa ciyambi cikhululukiro cinali ca mitundu iwiri: cina copatsidwa kwa munthu amene Boma likumfuna, cina copemphedwa ndi munthu amene alibe mphamvu.

Anthu a ku Migodi anaphunzira za msonkho ndi mwazi. M'caka ca 1935 Boma la Northern Rhodesia linacepetsa msonkho wa ku midzi yakutali, nilikweza wa ku Migodi kucokera pa masheleni 12 ndi sikisi kufika masheleni 15. M'mwezi wa Meyi anchito a ku Mufulira analeka nchito, a ku Nkana anatsata, ndipo ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya apolisi anaombera, nafa anthu asanu ndi mmodzi. Amuna amene anafawo analibe nyumba yao-yao m'tauni ngakhale imodzi. Nyumba ya m'komboni inali ya kampani, ndipo lamulo la nyumba za Aafirika la 1948 linalimbitsa mwambo uja wakuti wolemba nchito ndiye apatsa malo ogona. Nchito ikatha, nyumba yatha. Mwamuna akafa, mkazi ndi ana alonge akatundu. Akulu anati nyumba ya mwini saochera mbewa, ndipo m'makomboni a Wusakile ndi Mindolo mwambiwu unalibe cofotokozera.

Zinthu zinatembenuka m'caka ca 1996, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Nyumba za kampani ya migodi ya ZCCM zinatsata, ndipo anchito ambiri anazigula ndi ndarama zimene akadalandira popuma nchito. Kunali cimwemwe cacikulu ku Kitwe ndi ku Ndola, ku Kamitondo, ku Ndeke, ku Chifubu ndi ku Kabushi, ndipo cimwemweco cinali coyenera, pakuti munthu amene atate wace anali kuthamangitsidwa ndi kapitao wa komboni tsopano anali ndi khomo lace. Koma pamodzi ndi mfungulo analandira katundu amene sanamzolowere. Denga likadontha, ndi lace. Madzi ndi magetsi, zimene kale kampani inali kulipirako, ndi zace. Ndiponso misonkho itatu inamdikira: wa caka ndi caka wopita ku Khonsolo, umene anthu aucha mareti, lendi ya nthaka yopita ku Unduna wa Malo, popeza nthaka yonse iri m'manja mwa Pulezidenti ndipo mwini nyumba angoibwereka zaka 99, ndi msonkho wa posintha umwini, wopita ku Zambia Revenue Authority. Zonsezi zinafika pa nyengo imene migodi inali kugulitsidwa ndipo amuna ambiri-mbiri anali kucotsedwa nchito. Misika yonga Chisokone ndiyo inalandira mabanja ao.

Tsono mareti ayenda motere. Akatswiri ayesa mtengo wa nyumba iri yonse, naulemba m'buku lalikulu la mitengo, ndipo Khonsolo itenga kagawo pa kwaca iri yonse ya mtengowo. Lamulo lace ndi Rating Act ya 2018, imene inalowa m'malo mwa ya 1997. Lamuloli lichula malo amene samalipira konse: nyumba zopemphereramo, manda, nyumba za akazembe a maiko ena, ndi ena otero. Amenewa sapempha, dzina lao liri kale m'lamulo. Koma mwini nyumba wosauka lamulo limuuza kuti alembe kalata ku Khonsolo, anene zifukwa zace, napemphe kuti amkhululukire msonkho wonse kapena mbali yace, ndipo Khonsolo idzaona cocita. Limlolanso kukana mtengo umene anayesa nyumba yace, ngati acita cimeneci m'masiku oikika, buku la mitengo litaonetsedwa kwa anthu, ndipo mlandu wace upita ku bwalo la Rating Valuation Tribunal.

Pa pepala zimenezi zioneka zokoma. Koma munthu aganize za mai wamasiye wa zaka 70, wogulitsa ndiwo za masamba pa Chisokone, amene mwamuna wace anagwira nchito pansi pa nthaka ku Nkana kufikira cifuwa cinamgwetsa. Lamulo liri m'Cingerezi, cinenero cimene iye sawerenga. Buku la mitengo liri ku ofesi, pa maora amene iye ali pa thebulo lace, ndipo tsiku limodzi losagulitsa ndi tsiku limodzi losadya kwa adzukulu. Pepala la mareti lifika m'dzina la malemu, cifukwa cikalata ca umwini, cimene anthu acicha taitolo, sicinasinthidwe. Ngongole ikula caka ndi caka, ndipo lamulo lomwelo lipatsa Khonsolo mphamvu yotumiza anthu kudzatenga katundu wa m'nyumba. Kazembe wa dziko lolemera wamasulidwa osatsegula pakamwa, koma mai uyu ayenera kuima ndi kuonetsa imvi zace, monga anaima agogo ace pamaso pa Bwana wa Boma.

Alipo amene ayankha kuti safunsa anadya phula, ndi kuti khomo liri lotseguka kwa ali yense. Mwambiwu ndi woona, koma munthu afunsa cinthu cimene wamva kuti ciripo. Amene afuna ndarama adziwa bwino njira yofikira pa khomo la nkhalamba ndi pepala la ngongole. Njira yomweyo ikhoza kunyamula mau awiri a Cibemba, Cilamba kapena Cinyanja onena kuti wosauka ali ndi ufulu wopempha cikhululukiro, ndi kumene angapemphe. Ena anena kuti Khonsolo isowa ndarama, ndipo apa anena zoona. Pogulitsa nyumba mu 1996 makhonsolo anataya lendi imene inali kuwasunga, ndipo miseu, ngalande ndi zinyalala za mzinda zifuna ndarama tsiku ndi tsiku. Wokhala m'nyumba yaikulu ku Parklands kapena ku Riverside, kapena ku Kansenshi ku Ndola, alipire, ndipo alipire pa nthawi yace. Koma kulemba ngongole imene nkhalamba sidzatha kulipira kufikira imfa sikukonza mseu uli wonse. Kungodzaza mabuku ndi manambala, ndi mitima ndi mantha.

Msonkho wa posintha umwini uli ndi nkhani yaceyace, ndipo ndiyo iyenera kumveka kwambiri kwa Acewa. Lamulo lace, Property Transfer Tax Act, linakhazikitsidwa mu 1984. Wolipira ndi amene apereka nyumba, ndipo m'caka ca 2025 msonkhowu unakwera kucokera pa K5 kufika K8 pa K100 iri yonse ya mtengo wa nyumba. Nyumba ya K300,000 ifuna K24,000. Koma munthu akapatsa nyumba kwa wa m'banja lace, msonkho uwerengedwa pa ndarama zokha zimene walandiradi. Akapereka mwaulere, palibe colipira. Ici ndi cikhululukiro ceni-ceni, ndipo mabanja ambiri akadapewa milandu akadacidziwa mwini nyumba ali moyo. Cobvuta ndi mau akuti banja. Lamulo liwerenga mwamuna kapena mkazi, mwana wobala, mwana wopeza, ndi mwana wolandiridwa mwa lamulo ku khoti. Mbale mulibe, mlongo mulibe, mwana wa mlongo mulibe.

Banja lotere ndi la ku Ulaya. Kwa Acewa, Ansenga, Abemba ndi Alamba, eni ace a dziko la Migodi, mtsibweni ndiye nkhoswe ya mbumba, ndipo mwana wa mlongo si mlendo pa khomo lace. M'zaka za 1990, pamene matenda a Edzi anatha makolo ambiri, ana amasiye analeredwa ndi atsibweni, azakhali ndi agogo, ndipo palibe amene anaganiza zopita ku khoti kukatenga pepala la kulera mwana wa mimba imodzi. Lero nkhalamba imene ifuna kupatsa nyumba kwa mwana wa mlongo wace, amene inamlera kuyambira ali wakhanda ndipo tsopano ndiye aidyetsa, iwerengedwa ngati yagulitsa kwa mlendo pa mtengo wa pa msika. Wina asamve molakwa. Lamulo la cuma ca masiye la 1989, limene lipatsa ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo 20 ndi ena odalira malemu 10, ndi kusunga wamasiye ndi ana m'nyumba, linali lofunika, pakuti abale olanda katundu pa maliro anacititsa manyazi mwambo wa makolo. Koma kuletsa wolanda ndi cinthu cina, ndipo kulipiritsa munthu wamoyo cifukwa copatsa mwa kufuna kwace mwana amene anamlera ndi cinthu cinanso.

Ophunzira ena, pomva za maiko a Azungu, afuna kuti cithandizo cacikulu cikhale kucotsera msonkho wa pa malipiro anthu amene agula nyumba ndi ngongole ya ku banki. Ayenera kudziwa kuti dziko la Britain linayesa njira imeneyi zaka zambiri, niliileka mu Epulo 2000, popeza inali kuthandiza koposa amene ali ndi malipiro akulu ndi nyumba zodula. Kuno ingapindulitse kalaliki wa m'Boma ndi wanchito wa ku banki, anthu a malipiro a pa mwezi. Mai wa pa Chisokone samanga ndi banki. Amanga ndi cilimba, mabuloko makumi awiri mwezi uno, malata anai mwezi wamawa, ndipo ku Ipusukilo kapena ku Chipulukusu cipinda cimodzi citenga zaka. Ambiri a kumeneko alibe ndi taitolo yomwe.

Cofunika si cacikulu. Aphungu a Nyumba ya Malamulo alembe m'lamulo la mareti kuti nkhalamba, wamasiye kapena wopunduka wokhala m'nyumba yace imodzi ya mtengo wocepa amasulidwa, monga amasulidwa manda ndi nyumba zopemphereramo, kuti cikhululukiro cileke kudalira mtima wa munthu wa pa ofesi. Akulitsenso mau akuti banja, kuti mwana wamasiye woleredwa pa khomo awerengedwe ngakhale alibe pepala la khoti, mboni za mpingo kapena za mfumu zitatsimikiza. Makhonsolo alembe ufulu wopempha cikhululukiro pa pepala lomwelo la ngongole, m'zinenero za anthu.

Pamene zimenezi zisanacitike, nchito igwera anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu. Ambiri a iwo alibe nchito, ndipo ayesa kuti maphunziro ao apita pacabe. Koma m'nyumba zambiri za ku Chamboli ndi ku Twapia iwo okha ndiwo angathe kuwerenga pepala la mareti. Atsegule cikwama ca mapepala ca agogo ao, aone dzina limene liri pa taitolo. Ngati ndi la malemu, afunse za makalata a ku khoti osankha woyang'anira cuma ca masiye. Ngati mwini nyumba ali moyo ndipo afuna kuipereka kwa mkazi kapena kwa ana, aipereke tsopano, pamene msonkho wace palibe, ngakhale kuti mapepala a Zambia Revenue Authority ndi cilolezo ca Unduna wa Malo zifunikabe. Ndipo kalata yopempha cikhululukiro ca mareti ailembe kawiri, ina yopereka ndi ina yosunga, ndipo yosungayo aidinditse pa ofesi ndi tsiku limene anaipereka.